A Nkhoma Sanafe ndi Kuzizira

Lamlungu lapitali, pa mwambo wokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni a Wyson Nkhoma, mkulu wina wa mpingo wathu wa Amalawi kuno ku Nairobi anaimirira n'kunena kuti tiphunzirepo kanthu pa imfa yawo. Anati kusunga n'kwabwino koma kukapyola muyeso kumapha, ndipo m'bale wathuyu akanalola kuti m'nyumba mwake muzifunda, bwenzi tili nayebe. Anthu anagwedeza mitu. Tadala, mwana wa malemuwo, anangoyang'ana pansi. Ine ndinali ndi kope la chikalata cha imfa yawo m'thumba la jekete, chifukwa ndinadziwiratu kuti wina adzayankhula zotere, koma sindinafune kuliwerenga m'nyumba ya Mulungu. Ndikuliwerenga pano. A Nkhoma anamwalira mu Febuluwale, mwezi umene ngakhale agalu a ku Kahawa amabisala kunsi kwa magalimoto pothawa dzuwa. Dokotala analemba kuti unali mtima. Za kuzizira mulibemo ngakhale liwu limodzi.

Ndinali mnansi wawo zaka zambiri m'nyumba yosanjikizana ya ku Kahawa, ine pansi, iwo pamwamba panga. Ankanditcha a Sekeletale, chifukwa ndinkalemba za misonkhano ya Amalawi, komanso chifukwa cha makatoni anga a mapepala, amene ankati tsiku lina adzandigwera n'kundikwirira popanda wovutika kugula bokosi. Ine ndinkawatcha achimwene. Anali aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sankalola kuti ndiiwale.

Zimene anthu amanena zili ndi poyambira, ndipo sindikana. N'zoona kuti zaka zinayi zomaliza za moyo wawo, m'nyumba mwa a Nkhoma simunayake moto wa mtundu uliwonse. Gasi anatseketsa. Mbaula, imene kuno amati jiko, anapatsa mlonda wa pageti. Hitala yamagetsi imene Tadala anawagulira inabwerera kwa iye ku Westlands isanatuluke n'komwe m'katoni. Chotenthetsa chokha chimene chinatsala chinali ketulo yamagetsi, ija imadzizimitsa yokha madzi akawira.

Amene sanakhaleko ku Nairobi mu Julayi sangamvetse kulemera kwa zimenezi. Dzuwa limatha kusowa sabata yathunthu, makoma a simenti amazizira ngati mwala wa mumtsinje, ndipo chovala chochapa Lolemba chimafika Lachinayi chisanaume. A Nkhoma ankaseka zonsezi. Ankati munthu wobadwira m'munsi mwa phiri la Dedza, amene ankapita kusukulu ndi kabudula mmodzi mame akuluma zala, sangaopsezedwe ndi Julayi wa m'tauni. Ankatinso chibadwire sanamvepo kuti bulangete laphulika.

Madzi osamba ankawayika m'chigubu chakuda pakhonde, ndipo ankasamba cha m'ma 2 koloko masana, osati m'mawa ngati ife tonse. Dzuwa likakana, ankathira ketulo imodzi m'beseni n'kusamba mwachangu akuimba nyimbo ya m'buku, ndime imodzi yokha. Ankati amene amafuna ndime zinayi ndiye amafuna gasi. Ankavala majekete awiri, laling'ono mkati, ndi chipewa chaubweya chimene anawalukira akazi awo, mayi Nabanda, asanamwalire. M'mawa ankayenda mpaka pa siteji ya maminibasi, amene kuno amati matatu, pamsewu wa ku Thika n'kubwerera, kuti magazi adzuke. Mipata ya pansi pa zitseko anaitseka ndi nyuzi zakale. Anayamba apempha zanga. Ndinawauza kuti mapepala anga si otchingira mphepo, ndipo anandinena kwa mwezi wathunthu kuti ndikanakhala mbusa wa mbuzi bwenzi ndikusunga ndi zitosi zomwe.

Chakudya ankagula chophikaphika kwa mayi wina wa kibanda, kanyumba kogulitsiramo zakudya pafupi ndi geti: nyemba, githeri (chimanga chophika pamodzi ndi nyemba), masamba, nthawi zina nyama. Ankachitengera m'dengu lodzaza nsanza kuti chifike chikadali chotentha. Ugali wa mayiyo, nsima ya kuno, ankautcha njerwa, ndipo ankamuuza pamaso, mayiyo n'kuwayankha kuti mzee, kapena kuti mdala, amene alibe moto kwake asamasankhe. Ankagwirizana kwambiri awiriwo. Mazira ankawaphika m'fulasiki, powathira madzi a m'ketulo kawiri. Kumpingo ankalankhula mokweza kuti gasi ndi wa anthu olemera, ndipo ankaoneka kuti akusangalala anthu akamanong'onezana. Motero dzina linawamatirira: a Nkhoma aumbombo, amene akuzizidwa pamwamba pa penshoni.

Sanali aumbombo. Ndikudziwa chifukwa m'mawa uliwonse, kwa zaka zinayi, ankagogoda pakhomo panga asanadye kanthu, atanyamula kapu ya mkaka kapena kambale ka nyemba za dzulo, n'kunena mawu omwewomwewo:

"A Sekeletale, tandibwerekeni mphuno."

Ndinkanunkhiza n'kuwauza kuti idyani, kapena tayani. A Nkhoma sankamva fungo. Mphuno yawo inafa pa matenda aja a chifuwa amene anatitsekera tonse m'nyumba. Anagona m'chipatala, anachira, anabwerera kwawo, koma fungo silinabwerere nawo. Poyamba sanadziwe. Ankangodandaula kuti tiyi wa masiku ano ndi madzi ofiira chabe.

Anadziwa Lamlungu lina masana. Pa nthawiyo nyumba yathu inali itaikidwa kale gasi wa m'mapaipi: thanki yaikulu kuseri, paipi yolowa m'khitchini mwa aliyense, chitofu ndi chotenthetsera madzi osamba zonse zikudya pamenepo. A Nkhoma anatereka nyemba n'kukakhala pabalaza ndi buku. Mphepo ya pawindo inazimitsa moto, gasi n'kumangotuluka. Amene anamva anali Mama Njeri wa pamwamba pawo, mayi wa ana atatu. Anatsika ndi wakhanda kumsana n'kuyamba kumenya chitseko ndi manja onse awiri. Ine nditakwera, fungo linandiwomba ndikadali pamasitepe. A Nkhoma anatsegula chala chili m'buku posunga tsamba, n'kufunsa modekha kuti phokosoli n'lachiyani.

Tinatseka chitofu, tinatsegula mawindo onse. Kwa Mama Njeri a Nkhoma ananama kuti ali ndi chimfine. Mayiyo atapita, anakatenga kabotolo ka mafuta aja opaka pachifuwa, amene amaluma m'mphuno mpaka misozi, n'kukayika pamphuno pawo. Anakoka mpweya katatu. Kenako anakhala pampando n'kuyang'ana kudenga, kumene kunkamveka mapazi a ana akuthamangitsana. M'mawa mwake anabwera ndi kalata ya mizere itatu yoti ndiwatayipire, yopempha komiti ya nyumbayo kuti paipi yawo itsekedwe. Chifukwa chake sanalembemo.

Munthuyu anagwira ntchito zaka makumi atatu m'nyumba yosungiramo katundu ya bungwe lina la mayiko, kuyambira ali mnyamata wongofika kumene kuchokera kwathu. Kumeneko ankadziwika kuti sasayina chinthu chimene sanachione ndi maso ake. Lole inkatha kudikira tsiku lonse iwo akutsegula katoni iliyonse. Lamulo lomwelo anabwera nalo kunyumba. Anandiuza kuti chinthu chilichonse chofuna mphuno kuti chilondedwe chituluke m'nyumba mwawo, chifukwa mlonda wake wamwalira. Gasi amafuna mphuno. Makala amafuna mphuno. Hitala ikayamba kupsereza nsalu ya pawindo, woyamba kudziwa ndi mphuno. Ketulo yokha ndi imene inapambana mayeso.

Komiti inakana. Wapampando anati nyumba zonse ziyenera kukhala pa paipi, ndilo lamulo. A Nkhoma anapempha kuti awaonetse lamulolo papepala. Wapampando anati aliyense akulidziwa. Pamenepo makatoni anga onyozeka aja anagwira ntchito: ndinafukula pangano limene tonse tinasayina pobwera mapaipiwo, ndipo pa tsamba lachitatu panalembedwa kuti mwini nyumba akhoza kutseketsa paipi yake akapempha polemba. Ndinaliwerenga pamsonkhano kawiri, kachiwiri pang'onopang'ono. Fundi, mmisiri wa gasi, anabwera, anamanga chotsekera kukamwa kwa paipi, anakulungapo waya wa chidindo, n'kupereka chikalata. Chili kwa ine. A Nkhoma sanathokoze makatoniwo. Anangoti ngakhale wotchi yakufa imalondola kawiri pa tsiku.

Mungafunse kuti bwanji sanangonena zoona. Yankho lake ndi Tadala, ndipo sindikumunena. Chimwalirireni mayi ake, mtsikanayu ankafuna kuti bambo ake asamukire kwa iye ku Westlands, m'nyumba yosanja kasanu ndi kanayi, m'chipinda chokhala ndi bafa lakelake. A Nkhoma anakayesa sabata imodzi. Anabwerako akuti mawindo akumeneko satseguka, ndipo mlonda ankawafunsa dzina nthawi iliyonse akafuna kulowa kwa mwana wawo yemwe. Nyumba ya ku Kahawa anaigula ndi thukuta lawo. Mayi Nabanda anatsirizikira m'chipinda chakum'mawa, ndipo nsalu zawo zinali zikadali m'kabati. Ankadziwa kuti Tadala akangomva za Lamlungu lija, abwera ndi lole tsiku lomwelo, ndipo palibe amene angamuletse. Ankati munthu womana amangomunena, koma wodwala amamunyamula. Anasankha kunenedwa.

Ine ndinakangana nawo pa zimenezi, ndipo mpaka lero ndimati ndinkanena zoona. Ndinawauza kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa, ndipo akundisandutsa wabodza pa ukalamba wanga. Anandiyankha kuti sanandipemphe kunama, anangondipempha kutseka pakamwa, ntchito imene sindinaiyesepo chibadwire. Sitinayankhulane masiku awiri. Tsiku lachitatu anagogoda ndi kapu ya mkaka. Unali utasasa moti unkachita kuoneka ndi maso. Nditawauza, anati akudziwa, amangofuna kuona ngati mphuno yanga sinanyanyale nawo.

Tsiku limene ndikufuna kuti a mpingo alidziwe linali Loweruka, mu Julayi wachiwiri chitsekereni paipi. Kumwamba kunali kotuwa ngati phulusa. Tadala anafika m'mawa ndi fundi wa gasi. Anayamba waima pakhomo panga. Anandiuza kuti amayi akumpingo akumunena kuti amagwira ntchito ku bungwe lalikulu, amayenda pa ndege, koma bambo ake akusamba madzi a padzuwa ngati mkaidi wa kundende. Anati wapangana kale ndi dokotala woona za okalamba. Kenako anandiyang'ana m'maso.

"Ankolo, mundiuze zoona. Mutu wa adadi uli bwinobwino?"

Ndinamuyankha kuti mutu wawo uli bwino kuposa wanga. Zinali zoona, ndipo ndinachita manyazi ndi mmene zoonazo zinandithandizira kubisa zina.

Tinakwera tonse. A Nkhoma anatilandira atavala majekete awo awiri. Tadala sanakhale pansi. Anati pali njira ziwiri: gasi abwerere lero, kapena alongedze. A Nkhoma anayamba nyimbo yawo ya masiku onse, yoti gasi wakwera mtengo. Tadala anati alipira ndi iye. Iwo anati nyumba ndi yawo. Iye anati bambonso ndi ake. Akukangana choncho pabalaza, Tadala anakodola fundi uja ndi mutu, ndipo fundiyo analowa m'khitchini mwakachetechete. Anadula waya wa chidindo n'kumasula chotsekera pang'ono kuti aone ngati paipi ikadali ndi mpweya. Inali nawo.

Fungo linafika pabalaza. Ine ndinagwira mphuno. Tadala anaphimba kukamwa ndi mpango wake n'kubwerera m'mbuyo. A Nkhoma anapitiriza kulankhula, chala chili m'mwamba, akufotokoza za ku Dedza ndi za mabulangete. Tadala anatsitsa mpangowo pang'onopang'ono.

"Adadi, fungoli simukulimva?"

A Nkhoma sanamuyang'ane iye. Anayang'ana ine. Anachita mosaganiza, monga ankachitira m'mawa uliwonse, kufuna kuwerenga pankhope panga ngati chinthu chili bwino kapena ayi. Ndipo Tadala anaona kuyang'ana kumeneko. Anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinatsegula pakamwa, koma a Nkhoma anandiletsa ndi dzanja.

"Chichokereni kuchipatala kuja," anatero. "Tsiku lina ndinatsala pang'ono kuwotcha ana a eni ake pamwambapa. Palibe anandiuza kuti nditseke paipiyo, ndinatseka ndekha. Mbaula ndinapereka ndekha. Hitala yako ndinabweza ndekha. Tsopano undiuze, mayi: munthu wosokonekera mutu amachita zimenezo? Mphuno yafa, sindikana. Ine sindinafe. Ukandichotsa muno, udziwe kuti ukuchotsa munthu wamoyo."

Tadala anatembenuka. Kenako anapita kukhitchini. Tinamumva akuuza fundi m'Chiswahili kuti atseke, amange waya watsopano, alembe chikalata china. Fundiyo anadandaula kuti wamuyendetsa ulendo wachabe kuchokera ku Kawangware, koma anatseka. Tadala atatuluka anatsegula mawindo onse, anakhala pampando wa mayi ake, n'kulira mosatulutsa mawu. A Nkhoma anavula jekete lakunja n'kumufunditsa, akung'ung'udza kuti ana a masiku ano amabwera ku Kahawa mu Julayi atavala ngati akupita ku Mombasa.

Mkwiyo wonse wa Tadala unagwera ine. Potsika masitepe anandiuza kuti, "Inu ankolo, mumasunga lisiti la buledi, koma izi munalephera kundiuza." Sanandipatse moni mpaka Khirisimasi.

Loweruka lotsatira anabweranso, popanda lole. Anabwera ndi kapeti yokhuthala, nsalu zolemera za m'mawindo, masokosi aubweya, ndi kachipangizo komata kudenga kamene kamalira kakamva utsi. A Nkhoma anayendera chinthu chilichonse ngati katundu wa bungwe lawo lija, anachitembenuza, anafunsa ngati chili ndi waya wotentha, kenako n'kulola. Anapangana kuti a Nkhoma azimuimbira foni m'mawa uliwonse, ndipo akadzalephera kuimba masiku awiri otsatizana, nkhani ya ku Westlands idzayambiranso. A Nkhoma anandiuza kuti ndilembe panganolo, onse awiri anasayina. Sanaphonyepo ngakhale tsiku limodzi. Nthawi zina ankangoti, ndikadali moyo, n'kudula.

Anapemphanso chinthu chimodzi, ndipo ichi ndicho chinandiwawa kwambiri Lamlungu lapitali. Anapempha mwana wawo kuti kumpingo asanene kanthu. Sankafuna kuti amayi a chigwirizano azibwera ndi mapoto n'kumawayankhula mokweza ngati ogontha, kapena kuti dzina lawo lizitchulidwa pa mndandanda wa odwala pakati pa a shuga ndi a miyendo. Tadala anavomera. Kuyambira pamenepo anasenza dzina la mwana wosasamala bambo ake. Anthu amene sanakwerepo masitepe a ku Kahawa ngakhale kamodzi ankamulangiza za lamulo lachisanu pakhomo la tchalitchi, iye n'kumangoti zikomo. Anasunga pangano bambo ake ali moyo, analisunga pamaliro, analisunganso Lamlungu lija mkulu uja akulalikira za umbombo. Madzulo ake ndinamuimbira n'kumuuza kuti ine ndatopa. Anati, lembani ankolo, adadi sangakukalipireninso.

Tsiku limene anamwalira, a Nkhoma anagogoda m'mawa monga mwa masiku onse. Zinali nyemba, ndipo zinali bwino. Anadandaula za kutentha, anati Nairobi wayamba kufanana ndi Nsanje. Cha m'ma 5 koloko madzulo, mayi wa kibanda uja anatumiza uthenga kwa mlonda kuti mzee sanabwere kudzatenga chakudya chake. Ndinakwera ndi kiyi yanga. Ndinawapeza pampando wa pawindo, atasamba, atavala malaya oyera ndi nsapato, dengu lili pambali pa phazi. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi. Tinawayika pafupi ndi mayi Nabanda, kuno komwe, monga analembera okha.

Nyumbayo ikadali yopanda munthu. Tadala sanaigulitse, sanaikemo wa lendi, ndipo sindimufunsa. Ndimakwerako Loweruka kukatsegula mawindo. Mipando inapita, mabuku anapita, kapeti inapita. Pansi patsala mabwalo anayi ang'onoang'ono pamene miyendo ya bedi inadinda simenti. M'khitchini, pamene panali chitofu, khoma ndi loyera kuposa pena paliponse, chifukwa silinaone utsi zaka zonsezo. Pamsomali wa kuseri kwa chitseko palibe chopachika. Munthu ukatsokomola, mawu amabwerera.

Pamphuthu ya chitseko chakunja, cha m'chiuno mwa munthu, pali pokalika, utali wake ngati chala. Pamenepo ndi pamene machira anagunda tsiku limene ankawatulutsa, chifukwa masitepe athu ndi opanikiza ndipo anyamata onyamulawo anavutika pokhota. Mwezi watha a komiti anandilembera kuti akupenta zitseko zonse za m'nyumbayo ndipo akufuna kiyi. Ndawayankha polemba kuti chitseko chimenecho achidumphe.